Mfundo Imene Sinapse

Kuno kumapiri, 9 Seputembala 1997

Rufino,

Moni. Ine ndilipo, bondo lokha ndi limene likundizunza mvula ikamabwera. Chimanga chamasula, cha buluu chija chaposa choyera. Ng'ombe yakuda inabereka. Ndikhulupirira iwenso uli bwino ku Guadalajara kumene umathirira maluwa a anthu olemera. Kalatayi ndapatsira aphunzitsi amene akutsikira ku Huejuquilla Lachisanu, ndiye usadzanene kuti sinafike.

Sindinagwire pensulo kuti ndikufotokozere za ng'ombe. Ndili ndi funso ndipo ndikufuna yankho losazungulira.

Kuseri kwa kachisi wathu kuli mitu itatu ya hikuri imene anabzala malemu amayi ako. Ukuidziwa, zomera zathu zopatulika zija, zobulungira, zopanda masamba. Mvula ikayamba imachita maluwa, kenako imatulutsa tizipatso tofiira ngati tsabola wamng'ono, m'kati mwake muli njere zakuda zonga za bonongwe. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, chimwalirireni amayi ako, tizipatsoto timangosowa. Ine ndinkati ndi mbewa. Ndinatchera misampha, ndinapha mbewa zosalakwa zambirimbiri. Mwezi wathawu utabwera kudzationa, ndinalawirira kuti ndikamasule bulu, ndipo ndinakuona utagwada kuseriko, bokosi la machesi lili m'manja. Ndinabwerera osadzionetsa. Ndinangoti kani mbewa yake ndi ya ndevu.

Tsopano wabwera munthu wa kuno amene anapita kuchipatala kumeneko n'kugona kwa iwe masiku awiri. Akuti pamwamba pa nyumba imene umakhala pali zitini zosawerengeka, zondandalika m'mizere ngati asilikali, ndipo m'chitini chilichonse muli kamutu ka hikuri. Akuti atafunsa unaseka n'kusintha nkhani.

Ine sukulu ndinalekeza kalasi yachiwiri, koma kuika zinthu pamodzi ndimatha. Munthu sasunga mazana a hikuri m'tauni kuti azingomuyang'ana. Akunja a tsitsi lalitali aja amamufuna, amalipira bwino, amamudya ngati maswiti n'kumagubuduka m'fumbi akuti aona Mulungu. Kodi ndiwo makasitomala ako?

Chaka chino akulu aika chingwe m'manja mwanga. Mu Febuluwale ndine nditsogolere anthu ku Wirikuta, dziko lopatulika la m'chipululu, kukasaka hikuri. Mwambo ukuudziwa. Tisananyamuke aliyense amaima pamaso pa Agogo athu Moto n'kutchula mokweza onse amene anagona nawo, wogwira chingwe akumanga mfundo pa dzina lililonse. Kenako chingwecho chimaponyedwa pamoto, anthu n'kunyamuka ali oyera. Amene wogwira chingwe sanamuitane pamoto sapita. Unandiuza kuti ukufuna kupita nafe. Hikuri ndi Mkulu wathu Mbawala, ndipo womugulitsa ine sindimuitana, ngakhale akhale kuti anakulira m'nyumba mwanga.

Yankha msanga.

Casiano Minjares


Guadalajara, 28 Seputembala 1997

Bambo,

Moni wa ulemu. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva za chimanga ndi ng'ombe. Ine ndili bwino, ntchito ya kunazale ikuyenda. Ndatumiza mafuta a bondo kudzera kwa aphunzitsi. Muzipaka m'mawa ndi madzulo, ndipo musapakenso ng'ombe ngati ulendo uja.

Za tizipatso ndi zoona. Ndinatenga ndine, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikutenga ndine. Mbewa mukazipepese m'malo mwanga. Zitini zilipo, munthuyo sananame. Koma sindinagulitsepo ngakhale kamutu kamodzi, ndipo sindidzagulitsa. Chifukwa chimene ndikusungira sindingachilembe pano. Pali mawu amene ndinalonjeza munthu, ndipo ndikawatsata bwinobwino sindiyenera kukufotokozerani. Ndikupempha mundikhulupirire mpaka Febuluwale.

Ndili ndi chopempha. Ku Wirikuta ine ndapitako kawiri, koma maulendo onse awiri munatitengera kumunsi kwa njanji. Malo a agogo, amene banja lathu linkasakako kale, simunandionetsepo. Ndiuzeni ali pati. Pali zitsamba zotani, dothi lake ndi lotani, lamiyala kapena lamchenga? Galimoto ingayandikire mpaka pati, ndipo kuchokera pamenepo munthu wosenza katundu angayende maola angati? Mukatha kujambula kamapu kuseri kwa kalata, zindithandiza kwambiri.

Mundilembere za bondolo.

Ine mwana wanu,
Rufino


Kuno kumapiri, 20 Okutobala 1997

Rufino,

Moni. Mafuta afika. Akununkha ngati m'chipatala.

Kalata yako ndaiwerenga katatu. Koyamba ndinati mwina maso anga akundinamiza. Kachiwiri ndinaiponya pansi. Kachitatu ndinaseka, chifukwa wakuba wina aliyense amayamba wabisa thumba, koma iwe wandifunsiratu pamene galimoto ingaime ndi maola amene wosenza katundu angayende. Ukufunanso kamapu! Bwanji osangondipempha kuti ndikakunyamulire matumbawo ndekha?

Ukuti unalonjeza munthu. Munthu wake ndani? Ali ndi tsitsi lalitali? Amalankhula chinenero chanji?

Tamvera, popeza zikuoneka kuti maluwa a m'tauni akuiwalitsa. Hikuri salimidwa, amasakidwa. Munthu umasiya mchere, umasiya kusamba, umasiya mkazi. Umayenda lilime litauma mpaka dziko loyera lija, kumene dzuwa linabadwira. Umayenda mwakachetechete, maso pansi, ndipo iye ali pomwepo pansi pa chitsamba, mtundu wake wofanana ndi dothi, koma sumuona mpaka atafuna yekha. Akaonekera umabaya mivi pambali pake, umamulirira, umamupatsa chimanga ndi kandulo. Ndiye umadula mutu wokha, pamwamba, fupa lake, ndiwo muzu, n'kulisiya m'nthaka kuti adzadzukenso. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anandiika kachidutswa koyamba m'kamwa. Kuwawa kwake ndinafuna kulavula, iwo anandigwira pakamwa. Patapita nthawi miyala inayamba kupuma, zitsamba zinavala mikanda ya mitundu imene ilibe maina, ndipo ndinamva chimanga chathu chikuimba kumunda, ulendo wa masiku makumi awiri kuchokera pamene ndinali. Ndinadziwa tsiku limenelo kuti sindili ndekha m'dziko muno. Zimenezo ungaziike m'chitini cha tomato? Mbawala yokulira m'khola ndi mbuzi.

Za malo a bambo anga usandifunsenso. Malowo anafa. Anawapha ndi akunja okumba ndi mizu yomwe. Chaka chatha tinayenda masiku awiri kwina konse n'kupeza mitu khumi ndi umodzi yokha, anthu akuluakulu kugawana ngati ana amasiye. Ndiye iwe ukufuna ukatsirize zotsalazo.

Sindikudabwa kwenikweni. M'banja muno munali kale munthu wotero, malemu Anselmo, mkulu wanga. Anayamba ndi kugulitsa zibangili za mikanda kunyanja, kenako zikho za m'kachisi, kenako nyimbo za bambo athu anaziimbira mzungu wa kawailesi kojambula mawu. Chilichonse chimene anachigwira chinasanduka ndalama. Zala zake zinali zazitali ngati zako, ndipo ankaseka n'kusintha nkhani ngati iwe. Madzi saiwala khwawa.

Pamoto sindidzakuitana. Usavutike kupempha tchuthi kwa abwana ako.

Casiano Minjares


Kuno kumapiri, 23 Okutobala 1997

Achemwali Eulalia,

Moni. Ndikhulupirira mikanda ikuyenda malonda kumeneko ndipo chifuwa chija chinakusiyani. Ine ndilipo. Nyemba zanu ndasunga, mudzatenga mukadzabwera.

Ndikukutumani ntchito. Inu muli m'tauni imodzi ndi Rufino. Pitani kwake Lamulungu osamuchenjeza, mukwere pamwamba pa nyumbayo, muone zitini za hikuri zimene akusunga. Muwerenge. Muone amene akulowa ndi kutuluka. Akubera njere kuseri kwa kachisi, ndipo tsopano akufuna njira ya ku malo a bambo athu. Ndamukaniza ulendo wa Febuluwale.

Muzati ndine wouma mtima. Ndiye lero ndilemba chimene sindinachitulutsepo pakamwa, popeza pepala lilibe maso.

Mukukumbukira ulendo wa 1964. Munalipo. Tinaima pamoto, wina aliyense akutchula ake. Itafika nthawi ya Tiburcia, mkazi wanga wa zaka ziwiri m'nyumba, anatchula ine, kenako anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Anselmo." Anthu anaseka, monga mwa mwambo. Wina anakuwa kuti, "Zakudya za pabanja sizituluka kunja!" Anselmo anavula chipewa n'kuwerama ngati wapambana mpikisano. Inenso ndinaseka, chifukwa pamoto munthu sakwiya, ndipo chingwe chikapsa sufunsanso kuti zinali liti, zinali kuti. Sindinafunse. Mpaka tsiku limene tinamuika m'manda sindinafunse.

Koma kuwerenga miyezi mwambo suletsa. Bambo ake a Tiburcia anatsogolera ulendo chaka chomwe ndinakamutenga, banja lawo lonse linapita, ndiye mfundo zake za pautsikana zinali zitapsa kale. Dzina limene anatchula pamaso panga linali la m'kati mwa ukwati wanga. Tinaima pamoto mu Febuluwale. Rufino anabadwa mu Ogasiti. Werengani nokha, inu munapitako patsogolo kusukulu.

Ndamulera, ndamudyetsa, sindinamumenyepo koposa ana a anthu ena. Koma nthawi zonse ndakhala ndikudikira tsiku limene Anselmo adzatulukire mwa iye. Tsikulo lafika, lili m'zitini.

Kalatayi mukawerenga muitenthe. Mundiyankhe mwezi usanathe.

Mlongo wanu,
Casiano


Guadalajara, 14 Disembala 1997

Iwe Casiano,

Moni, ngati moni umamvekabe m'makutu akowo. Chifuwa chinatha. Nyemba usadye.

Kalata yako inafika mu Okutobala momwemo. Sindinaitenthe. Ndinaipinda kanayi n'kuitsamiritsa mwendo wa tebulo langa logwedera, ndipo pamenepo yagwira ntchito yabwino kuposa imene unailembera. Ndachedwa kuyankha dala. Ndikanalemba sabata yomweyo pepala likanayaka lokha.

Kwa Rufino ndinapita. Makwerero ake ndi achitsulo, ndinafika pamwamba mzimu utatsala pang'ono kundisiya. Iye anali komweko, akuthirira ndi supuni.

"Azakhali, akutumani kudzandizonda?"

"Eya, ndine kazitape wa boma la bambo ako. Ndipatse mpando ndisanafere pano."

Ndinawerenga monga unanenera. Zilipo 412. Zazikulu kwambiri ndi ngati chitsekerero cha botolo. Zazing'ono ukayetsemula zikhoza kuuluka.

Ndinati, "Iwe, zaka zisanu ndi chimodzi ndiye timatuza timeneti? Ukanaweta nkhuku bwenzi pano uli ndi galimoto."

"Sathamanga, Azakhali. Mpaka achite maluwa ndi zaka khumi zina. Ndipo ukawathirira kwambiri amakwiya n'kuola. Anatengera mlongo wanu."

"Nanga akugula ndani?"

"Anabwera wina, mnzawo wa abwana anga. Anatulutsa chikwama. Ndinamuuza kuti si anga, ndi a amayi anga, akawafunse okha kumanda."

Ndinamukhalira pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Ndinamuuza kuti sinditsika makwererowo asanandiuze, ndipo ndikafera pamwambapo azinditsitsa yekha. Analowa m'nyumba n'kubwera ndi bokosi la machesi lakale, lofumbwa m'makona. Anamupatsa ndi Tiburcia sabata yomwe anamwalira, muli njere. Mawu ake anali awa, ndipo ndikulemba monga mwanayo wanenera: "Bambo ako anakumba malo a agogo ako mpaka kuuma. Mitu itatu ili kuseriyi ndinaibisa kuchokera m'matumba ake, mizu ili yonse. Ana ake ukawabwezere kwawo. Koma usamuchititse manyazi, asadziwe kuti ukudziwa."

Ndi ameneyo munthu wa tsitsi lalitali amene anamulonjeza. Tsitsi linalidi lalitali, ndinkaluka ndine.

Akunja okumba alipo, sindikukana. Koma malo a bambo athu usawanamizire akunja, Casiano. Ine ndinalipo. Ndinakuona tsiku losaka lija la 1964 utachoka pamzere, chikwanje m'manja, ukuzula ndi mizu yomwe, wamkulu ndi wamng'ono, thukuta lili chuchuchu, mpaka matumba anayi. Bambo anafuna kukugwira, woimba wa mwambo anati musiyeni, mwamuna ameneyu akukumba china. Tonse tinaona. Palibe anakufunsa, iwenso unayesa kuti palibe akukumbukira.

Tsopano za miyezi yakoyo. Bambo ake a Tiburcia anatsogoleradi ulendo, banja lonse linapitadi, kupatula iye. Anatsala kwa agogo ake ali ndi chikuku. Ulendo wa 1964 unali woyamba m'moyo wake, ndipo woyamba amatchula onse kuyambira pautsikana. Za Anselmo zinali za pa chikondwerero cha kwawo, iye ali ndi zaka khumi ndi zisanu, iwe usanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli mtsikana dzina lake Tiburcia. Anandiuza yekha tikupera chimanga, akuseka, akuti mkulu wako ankanunkha anyezi. Iye ankayesa kuti ukudziwa. Atazindikira chimene chikukudya, chingwe chinali chitapsa kale, ndipo iye mwambo ankausunga. Inenso ndinausunga. Lero ndauphwanya chifukwa cha mwana uja, Agogo Moto andikhululukire.

Ukuti sunafunse chifukwa mwambo suloleza. Chabwino. Koma mwambo womwewo umati chingwe chikapsa uiwale. Iwe unatola theka limene linakukomera, linalo unalisiya pamoto.

Zala zazitalizo ndi za bambo athu. Ndi zakonso, ukanati uzizisamba ukanaziona.

Mwanayo sakudziwa kuti ndakuuza. Sakudziwanso za miyezi yako, ndipo ukadzamuuza ndidzakwera phirilo ndi ndodo. Tchuthi wapempha kale. Akuti ukapanda kumuitana apita yekha kukafunafuna malowo, ndipo zikamukanika akabzala paliponse pamene pali mthunzi.

Mlongo wako,
Eulalia


Kuno kumapiri, 11 Januwale 1998

Rufino,

Moni. Bondo likuchepako.

Ufike kuno pa 6 Febuluwale, usanadye mchere kuyambira pa 1. Galimoto imene tapangana nayo imatisiya pa njanji. Kuchokera pamenepo ndi theka la tsiku kulowera kumene dzuwa limatulukira, wosenza katundu mwina kuposerapo. Dothi lake ndi loyera, lamiyala. Zitsamba ndi zija zonunkha mvula ikagwa. Kamapu sindijambula. Miyendo yanga ikudziwa.

Zitini ndi zolemera, uzisiye. Uzule bwino, mizu uyikulunge m'mapepala, uike m'madengu. Pamsewu asilikali akafunsa ndiyankha ndine, kalata ya akulu ili ndi ine.

Sindinanene kuti ndakhulupirira. Azakhali ako amakonda kukometsa nkhani kuyambira ali mwana. Akuti zilipo 412. Ndidzawerenga ndekha.

Amene andiuza zoti uli nazo zingati ndi iwowo. Zina sanandiuze, ndipo iwe usandiuze.

Casiano


Kuno kumapiri, 8 Malichi 1998

Achemwali,

Moni. Tinabwerako Lachiwiri, tonse amoyo, anthu khumi ndi anayi. Mchere ndayamba kudya dzulo. Ndodo yanu isungeni, Rufino sindinamuuze kanthu za miyezi ija.

Pamoto ndinamuitana wachisanu ndi chiwiri. Anaima, anavula chipewa, anatchula akazi atatu. Mkazi wa woimba anakuwa kuti, "Atatu okha, tauni yonse ija? Kodi kumeneko umagona ndi maluwa?" Anthu anagwa nacho chiseko. Ndinamanga mfundo zitatu, ndipo ndinaonetsetsa nkhope yake ngati pali yachinayi imene akubisa. Sindinaione.

Wogwira chingwe amatsiriza, ndipo mfundo zake amamanga ndi wina. Ndinapatsa Rufino. Anthu anali atayamba kale kutolera zipewa, chifukwa nkhalamba ya bondo limodzi ingatchule ndani? Ndinaima. Kenako ndinati, "Anselmo."

Ndiye woimba anati, "Casiano, mkulu wako yemwe? Akazi anatha m'mapiri muno?" Chiseko chake mpaka agalu anauwa. Ine ndinati, "Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikulowa naye m'bulangete, ndikudzuka naye, ndikupita naye kumunda. Mkazi wanga sindinakhale naye nthawi yochuluka chotero. Manga." Achinyamata anapitiriza kuseka. Akuluakulu amene analipo chaka chija anasiya. Rufino anamanga osadzutsa mutu, anakoka mfundoyo ndi mano kuti ilimbe, ndipo ndinaponya chingwe pamoto. Chinapsa ngati chingwe china chilichonse. Ndinkayembekeza kuti mwina chithetheka.

Malo a bambo athu ndinawapeza osasochera. Maenje anga mphepo inakwirira kale, koma pansi pa zitsamba panali poyera ngati pabwalo losesa. Ndinaima pamenepo, anthu onse kumbuyo kwanga, ndipo palibe anatchula akunja.

Ndinafunsa woimba pamaso pa onse kuti, "Izi zakulira m'zitini za tomato, zamwa madzi a m'mpopi. Ndi Mbawala kapena ndi mbuzi?" Tinakasaka kaye kutsidya kwa khwawa, tinapeza mitu makumi atatu, tinadula pamwamba. Woimbayo atadya ndi kuimba anandiitana n'kunena kuti, "Ndamufunsa Mbawala. Akuti ana ndi ake. Akuti mwana akabwera pakhomo safunsidwa kumene anayamwira." Sindikudziwa ngati Mbawala inanenadi zimenezo kapena munamulembera kalata woimbayo. Inu mungathe.

Ine ndinadya mitu isanu. Mikanda ija sinabwere, chimanga sichinaimbe. Ndinangoona Tiburcia atagwada pa mphero, akupera, atandifulatira. Ndinamuitana kawiri. Sanatembenuke, koma sanachokenso. Ndinakhala kumbuyo kwake mpaka zinatha.

Tinabzala masiku awiri. Rufino amasankha chitsamba, mbali imene dzuwa la masana silifika, ine ndimakumba ndi chikwanje. Chikwanje chake ndi chomwe chija, ndinangosintha mpini. Iye amaika kamutu, amakwirira mpaka m'khosi, amazunguliza timiyala. Anandidzudzula kawiri kuti ndikukumba mozama. Ndinamuuza kuti ndinayamba kukumba malo amenewo iye asanabadwe, kenako ndinamva chimene ndanena, ndipo tonse awiri tinayang'ana kumbali.

Ndinawerenga kamodzikamodzi, ndikuponya kamwala m'chipewa. Zinakwana 409.

Achemwali, njira yonse yobwerera sindinagone. Zitatu zapita kuti? Ndinati mwina inu munalakwitsa, koma inu mumawerenga mikanda tsiku lililonse. Ndinati mwina zinaola, koma akananena. Ndinakumbukira mwamuna wa chikwama uja. Pa njanji Rufino anapita kuseri kwa sitolo n'kukhalitsako, ndipo ndinati basi, ndi pamenepo. Ndinayang'ana matumba a malaya ake ngati atupa. Ndinatsala pang'ono kumufunsa pamaso pa anthu.

Rufino ananyamuka Lachinayi m'mawa kubwerera kuntchito. Anandigwira dzanja, ine ndinangoti uyende bwino. Atazimiririka pa chitunda ndinapita kuseri kwa kachisi kukaika mivi. Pambali pa mitu itatu ya Tiburcia pali timitu titatu, kamodzi pa uliwonse, tozunguliridwa ndi timiyala toyera ta ku Wirikuta. Kuwerama ndi bondo langali si masewera, koma ndinagwada, ndipo ndinawerenganso kawiri.

Misampha ndaitcheranso, popeza tsopano mbewa zikabwera zikhala zenizeni. Zaka khumi ine sindifika, maluwa ake mudzaone inu amene simufa.

Mukamuona mwana wanga mumufunse kuti timathirira kangati, ndiponso supuni yake ndi yaikulu bwanji. Ine ndimadziwa kusaka ndi kuzula basi. Mumuuze ayankhe msanga, kuno kwauma.

Mlongo wanu,
Casiano